Phunziro la Mlimi Lisafere M'kompyuta ya Pulojekiti

Tikudziwa kuti ena mutamva kuti lero kuli nkhani ya makompyuta ndi intaneti mwadandaula mumtima kuti, kodi zimenezi zikukhudzana bwanji ndi mtengo wa thumba la feteleza? Tipirireni pang'ono. Nkhani yathu kwenikweni ndi yofunsa kuti mwini wake wa phunziro la ulimi ndani, ndipo phunzirolo limasungidwa kuti.

Tiyambe ndi kunena poyera chinthu chomwe maofesi ambiri sachivomereza: mumzinda wa Blantyre muli alimi. Dzinja likafika, m'mbali mwa phiri la Ndirande ndi la Bangwe mumabiriwira chimanga. M'mphepete mwa Likhubula, Mudi, Nasolo ndi Naperi muli madimba a mpiru, repu, chainizi ndi tomato. Kuseri kwa nyumba zambiri ku Machinjiri kuli makola a nkhuku za nyama, za mazira, zinziri, akalulu ngakhalenso nkhumba. Koma dongosolo la ulangizi lidamangidwa poganizira mudzi, ndipo mlimi wa ku Makata kapena ku Namiyango angathe kuweta nkhuku zaka khumi osaonana ndi mlangizi. Mfundo ya boma ya ulangizi ya chaka cha 2000 idanena kuti ulangizi uziperekedwa ndi mabungwe osiyanasiyana, ndiponso uzitengera zomwe alimi eni ake apempha. Mawu abwino ndithu. Koma ngakhale kumudzi komweko mlangizi mmodzi amayang'anira alimi oposa chikwi, pa njinga yakapalasa kapena pa njinga yamoto yopanda mafuta. Nanga pempho la mayi wa ku Nthukwa amene anapiye ake akufa usiku alimva ndani? Amathamangira kwa wogulitsa mankhwala pamsika, amene malangizo ake amathera pa botolo lomwe akufuna kugulitsa.

Ife amene tikuyankhulafe tidagwirapo ntchito ya ulangizi tisanalowe m'ntchito yomenyera ufulu wa alimi, ndipo tikufuna tikufotokozereni chomwe chidatikhumudwitsa. Bungwe lina, lomwe sitilitchula dzina, lidabwera ndi pulojekiti ya zaka zitatu. Adatigawira matabuleti okongola okhala ndi pulogalamu ya maphunziro a ulimi. Maphunzirowo tidalemba ndife, alangizi, pamodzi ndi alimi otsogola. Tidakhala masabata angapo tikukangana kuti mawu oyenera pa Chichewa ndi ati, tidajambula zithunzi m'minda ya anthu, tidayesa phunziro lililonse pamaso pa kalabu. Pulojekiti itatha, kampani yomwe idapanga pulogalamuyo idaleka kulipidwa, ndipo tsiku lina m'mawa tabuleti idangopempha nambala yachinsinsi yomwe palibe aliyense adali nayo. Tidalemba makalata, osayankhidwa. Thukuta lathu lidali m'kati mwa galasi lija, tikulisunga m'manja koma osatha kulitulutsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Matabuleti ena adathera kwa ana kuonerapo mafilimu.

Mapepala osindikiza nawo ali ndi vuto lawo. Mukukumbukira ntchemberezandonda zomwe zidalowa m'dziko muno m'nyengo ya ulimi ya 2016 mpaka 2017, mpaka mu Disembala 2017 mtsogoleri wa dziko adalengeza kuti m'maboma 20 mwagwa ngozi. Timapepala tomwe tidali nato m'zikwama tidali tonena za kapuchi ndi za ntchembere zakale zija zimadya udzu ndi kupita. Mbozi yatsopanoyi imabisala m'mtima mwa chimanga, ndipo malangizo ake adali kusintha pamene akatswiri adali kuiphunzira. Kuti pepala latsopano lilembedwe, livomerezedwe, lisindikizidwe ndi kufika kwa mlimi, chimanga chidali chitamasula kale. Kenaka mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagumula phiri la Soche ndi kutenga miyoyo ya abale athu ambiri ku Chilobwe ndi madera ena. Poyerekeza ndi miyoyo, mapepala si kanthu. Komabe makalabu omwe adatsala adapeza kuti mabuku awo ndi timapepala tonse ta maphunziro tapita ndi matope, ndipo padalibe poti nkukatenga tina.

Ndiye njira yomwe tikubweretsa ndi iyi: phunziro lizilembedwa m'malemba wamba, okhala ndi zizindikiro zochepa, ndipo lizisungidwa ndi ife eni ake. Pa Chingerezi kuika zizindikiro m'malembaku amati markup. Dzinalo lisakuopseni, chifukwa ambiri a inu mumachita kale. Mukafuna kuti liwu lioneke lakuda kwambiri pa WhatsApp mumaika kanyenyezi kumayambiriro ndi kumapeto kwake. Kanyenyezi kaja ndi chizindikiro chouza foni kuti apa patsindike. Basi, markup ndi imeneyo. Ili ngati mzere wa kalozera pamunda wotsetsereka: mukangokhoma zikhomo molondola, mizere ina yonse imatsata yokha.

Masamba onse a pa intaneti amamangidwa ndi zizindikiro zotere zotchedwa HTML, zomwe Tim Berners-Lee adayambitsa ku CERN, ku Switzerland, cha m'ma 1990. HTML ndi yamphamvu koma ili ndi zizindikiro zambiri zotopetsa kulemba pamanja. M'chaka cha 2004 John Gruber adatulutsa njira yapafupi yotchedwa Markdown, yomwe munthu wodziwa kulemba uthenga pa foni angathe kuiphunzira madzulo amodzi. Mukaika chizindikiro cha # kumayambiriro kwa mzere, mzerewo wasanduka mutu. Mukaika ziwiri, wasanduka mutu waung'ono. Mukalemba 1, 2, 3 kumayambiriro kwa mizere, yasanduka ndondomeko ya zochita. Nyenyezi ziwiri uku ndi uku, liwu latsindikika. Ubwino wake waukulu ndi woti ngakhale pulogalamu yoonetsera itasowa, malembawo amawerengekabe ndi maso, ndipo amatseguka pa kompyuta yakale ya ku ofesi ya mpingo chimodzimodzi ndi pa foni yatsopano. Palibe nambala yachinsinsi, palibe kampani yoti ikutsekereni.

Titenge chitsanzo cha chitopa, chifukwa palibe woweta nkhuku muno amene sichidamulizepo. Mutu wa phunziro ukhala wakuti Katemera wa chitopa wa nkhuku zachikuda. Pansi pake tilemba kuti katemera wa I-2 amadonthezedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku, kuti nkhuku za misinkhu yonse zimatemeredwa kuphatikizapo anapiye, kuti tibwereze pakatha miyezi 4 iliyonse, ndipo kuti katemera amateteza, sachiza, choncho nkhuku yodwala kale sitiitemera. Mawu akuti sachiza tiwazinga ndi nyenyezi kuti aoneke patali. Tionjezera kuti ngakhale katemerayu amapirira kutentha kuposa anzake, asaikidwe padzuwa. Kenaka mzere wochenjeza oweta nkhuku za nyama ndi za mazira kuti iwo ali ndi ndondomeko yawoyawo ya akatemera, momwe mulinso wa Gumboro, ndipo asasakanize maphunziro awiriwa. Kumapeto tilemba tsiku lomwe phunziro lalembedwa ndi udindo wa amene waliunika. Ntchito yonseyi ndi tsamba limodzi.

Tsamba limodzi lotere, la mawu 500, limalemera pafupifupi makilobayiti 4. Chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni chimafika mamegabayiti 3 kapena kuposa, kutanthauza kuti bandulo yomwe mumatumizira chithunzi chimodzi cha ukwati ingathe kutumiza maphunziro mazanamazana. Kwa anthu ogula bandulo ya tsiku limodzi, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Tsono malemba aja tikawasunga, pali pulogalamu yaulere yotchedwa Pandoc, yomwe John MacFarlane, mphunzitsi wa ku yunivesite ya California ku Berkeley, adayamba kupanga m'chaka cha 2006. Ntchito yake ndi kusandutsa. Malemba amodzi omwewo imawasandutsa tsamba la pa intaneti, chikalata chosindikiza, kapena kabuku kowerengera pa foni. Apa ndi pamene pagona phindu lenileni. Mwezi wamawa akatswiri akasintha malangizo, timakonza mzere umodzi pa malemba oyambirira, nkusandutsanso, ndipo tsamba, pepala ndi kabuku zonse zimanena chimodzi. Taganizani za manyowa a Mbeya. Funsani anthu asanu m'chipinda muno kuti gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza zimasakanizidwa pa muyezo wanji, mumva mayankho asanu, chifukwa aliyense adaphunzira kwa wina amene adamva kwa winanso. Vuto silili pa alimi. Vuto ndi loti palibe malo amodzi odziwika pomwe munthu angapite kukaona muyezo womwe waunikidwa, ndi tsiku lomwe udaunikidwa.

Zida zina tingozitchula mwachangu. LibreOffice imalemba makalata ndi kuwerengetsa ndalama za kalabu popanda kugula laisensi. Audacity imajambula ndi kudula mawu, kuti phunziro lomwelo liwerengedwe mokweza ndi mayi wa mawu omveka bwino, chifukwa cha anzathu omwe sadziwa kuwerenga kapena omwe maso adayamba kuvuta. Moodle, yomwe Martin Dougiamas wa ku Australia adatulutsa m'chaka cha 2002, imasanja maphunziro m'ndondomeko, imafunsa mafunso ndi kusunga zotsatira za wophunzira aliyense, ndipo masukulu aukachenjede ambiri padziko lapansi amaigwiritsa ntchito. Moodle kapena inzake yotchedwa Kolibri ingathe kuikidwa m'kakompyuta kakang'ono ngati sopo wochapira kotchedwa Raspberry Pi, komwe kamafalitsa maphunziro ku mafoni omwe ali pafupi popanda intaneti, ndipo kamayendera batire ndi kasola kochepa. Amene mudakhala mumdima namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022 mukudziwa chifukwa chake tikutsindika mfundo imeneyi. Koma tisathamangire Moodle. Imafuna munthu woisamalira, ndipo taonapo anthu akutha chaka akukonza nkhokwe pamene chimanga choikamo alibe. Maphunziro khumi olembedwa bwino ayambe apezeka.

Nanga afika bwanji kwa mlimi amene alibe foni ya intaneti? Yankho lili pamsika wa Ndirande ndi pa siteji iliyonse ya minibasi. Anyamata aja oika nyimbo ndi mafilimu m'mamemore khadi, omwe timawatchula kuti ma DJ, ali kale ndi makasitomala ochuluka kuposa ofesi iliyonse ya ulangizi. Cha m'ma 2015 bungwe la Access Agriculture lidagawira anyamata otere m'chigawo chino cha kummwera mafilimu a ulimi wa mpunga, wa tsabola ndi a kulimbana ndi kaufiti, omasuliridwa m'Chichewa, Chiyao ndi Chisena, ndipo iwo adawafalitsa kwa alimi monga momwe amachitira ndi nyimbo. Padalibe alawansi, padalibe galimoto ya pulojekiti. Mlimi adali kupita yekha ndi khadi yake. Ngati phunziro lathu lili laling'ono ndi losatsekedwa, lidzayenda njira yomweyo, lidzadumpha kuchoka pa foni ina kupita pa ina, ndipo mphunzitsi wa pulayimale ku Chilomoni adzalisindikiza nkulimata pakhoma la tchalitchi kapena la mzikiti.

Apa tiime pang'ono pa mawu awiri omwe amasokonezedwa, ulere ndi ufulu. WhatsApp ndi Facebook ndi zaulere, koma si zathu. Mwini wake akasintha malamulo kapena akatseka, tilibe polira. Skype idatumikira anthu zaka zoposa 20, koma mu Meyi 2025 eni ake adaitseka. Zida zomwe tatchulazi ndi zosiyana chifukwa chilolezo chake chimapatsa aliyense ufulu wozigwiritsa ntchito, kuona momwe zidapangidwira, kuzisintha ndi kugawira ena. Ndipo chitsanzo chabwino cha ufulu wotere chili m'botolo la katemera lomwe tatchula lija. Katemera wa I-2 adapangidwa ku yunivesite ya Queensland ku Australia mothandizidwa ndi bungwe la ACIAR, ndipo mbewu yake idaperekedwa kwa maiko osauka popanda kugulitsa, ndi cholinga choti dziko lililonse lizidzipangira lokha. N'chifukwa chake labotale ya boma ya za ziweto ku Lilongwe idatha kuyamba kumupanga konkuno. Akadakhala wa kampani, bwenzi tikumuitanitsa ndi madola, ndipo mukudziwa chomwe chidachitikira chilichonse chogulidwa ndi madola pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Choncho WhatsApp tiziigwiritsa ntchito ngati minibasi yonyamula katundu, koma nkhokwe ikhale kwathu, m'makompyuta a makalabu angapo ndi m'mamemore khadi osungidwa m'nyumba zosiyana.

Pa maphunziro athu tiziikanso chilolezo cha Creative Commons, makamaka chija chimati aliyense angathe kukopera, kumasulira ndi kusintha, bola atchule kumene watenga ndipo zomwe wapangazo azigawenso mwa ufulu womwewo. Tikatero, mnzathu wa ku Mangochi adzamasulira phunziro la chitopa m'Chiyao osalemba kalata yopempha, ndipo bungwe lina silingadzalitenge nkulitsekera m'tabuleti ngati lake.

Tisakunamizeni kuti njirayi ilibe zoopsa. Chinthu chosavuta kukopera ndi chosavutanso kuchipotoza. Phunziro lolakwika pa muyezo wa mankhwala a tomato lingathe kupha mbewu, kudwalitsa wopopera, ndi kudwalitsa ogula ku msika wa Limbe. N'chifukwa chake tikuumirira kuti phunziro lililonse lokhudza mankhwala liunikidwe ndi katswiri, litchule mankhwala okhawo ovomerezedwa ndi Pesticides Control Board, ndipo likhale ndi tsiku. Phunziro lopanda tsiku tizilitenga ngati mankhwala opanda chizindikiro, aja amagulitsidwa m'timabotolo ta zakumwa. Chachiwiri, achinyamata athu adzafuna kufupikitsa ntchito potenga malemba a Chingerezi nkuwamasulira ndi makina. Google Translate idayamba kumasulira Chichewa mu Disembala 2014, ndipo makina ena anzeru abweranso pambuyo pake. Amathandiza poyambira, koma makina sadziwa kuti mlimi wa ku Bangwe amayeza feteleza ndi chitsekerero cha botolo, sadziwa kusiyana kwa dimba ndi munda, ndipo akalakwitsa amalakwitsa molimba mtima. Phunziro lisatuluke lisanawerengedwe mokweza pamaso pa kalabu, ndipo pomwe amayi akwinya nkhope, pamenepo pakonzedwe.

Chachitatu tichinene mosabisa. M'mabanja ambiri foni yabwino ili m'thumba la abambo, pamene dimba ndi nkhuku zili m'manja mwa amayi. Tikangoika maphunziro pa intaneti nkukhala pansi, tidzakhala taphunzitsa amene sagwira khasu. Mawu ojambulidwa, pepala lomatidwa pa chigayo ndi pa kiyosiki ya madzi, ndi kuwerengera limodzi pa tsiku la banki m'khonde, zonsezi ndi mbali ya ntchito yomweyi, osati zoonjezera. Ndipo palibe tsamba la pa intaneti lomwe lingagwire dzanja la munthu kumuonetsa kagwiridwe ka nkhuku podontheza katemera. Wina asadzagwiritse ntchito mawu athuwa ngati chifukwa cholekera kulemba ntchito alangizi. Tikufuna alangizi ambiri, ndipo tikufuna kuti akabwera apeze mlimi atawerenga kale, ali ndi mafunso.

Kwa akuluakulu a boma omwe mwabwera, tili ndi zopempha. Unduna wa Zamalimidwe uli ndi buku lalikulu la malangizo a ulimi, lija alangizi timangoti GAP, komanso nkhani zambirimbiri zomwe zidatuluka m'magazini ya Za Achikumbi kwa zaka zambiri. Zonsezi zidalembedwa ndi ndalama za misonkho ya anthu ndi thandizo loperekedwa m'dzina la anthu. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Tikupempha kuti malangizo amenewa atulutsidwe m'Chichewa, m'malemba osatsekedwa omwe tingathe kuwadula mutu ndi mutu, pansi pa chilolezo cholola kukopera. Chithunzi cha tsamba la buku, cholemera ndi chosawerengeka pa foni, sichikwanira. Tikupemphanso kuti pangano lililonse lomwe boma kapena khonsolo ya mzinda isainirana ndi bungwe lobweretsa maphunziro a pa foni likhale ndi ndime yoti pulojekiti ikatha, malemba, mawu ndi zithunzi zonse zisiyidwe m'manja mwa alimi ndi ofesi ya ulimi m'njira yoti zitseguke popanda pulogalamu ya kampaniyo. Ndipo kwa a MACRA: lamulo la zofalitsa mauthenga la 2016 lidakhazikitsa thumba lothandiza kuti mauthenga afikire aliyense. Tsamba la maphunziro a ulimi la makilobayiti ochepa likanatha kutseguka popanda kudya bandulo ya mlimi, mukadakambirana ndi makampani a mafoni.

Koma sitidikira kuti zonsezi ziyankhidwe. Mumzinda muno muli achinyamata ophunzira za makompyuta ku MUBAS ku Chichiri ndi m'masukulu ena a ntchito zamanja, ambiri a iwo ana athu omwe, amene amadya nsima ya m'minda ya m'phiri yomweyi. Iwo adziwa zizindikiro, ife tidziwa nkhuku ndi nthaka. Tikupempha kalabu iliyonse isankhe anthu awiri, mlimi wodziwa bwino ntchito yake ndi wachinyamata wodziwa kulemba pa foni, ndipo mwa awiriwo mmodzi akhale mayi kapena mtsikana. Tiyamba ndi maphunziro atatu omwe mwakhala mukuwapempha: katemera wa chitopa, kaunikidwe ka ntchemberezandonda m'munda chimanga chikadali chaching'ono, ndi kakhomedwe ka akalozera ndi kubzala vetiva m'minda ya m'mapiri. Amene muli ndi timapepala takale ta ulangizi m'masutikesi, ngakhale tong'ambika, mubwere nato pa msonkhano wotsatira, pamodzi ndi memore khadi ngati muli nayo. Mlembi ali pakhomo ndi kope lolembamo maina a makalabu.